Zala Ziwiri za Tionenji

Ana anga, mwakhala mukundiseka kuti ndikaona mwana akusendera kumoto ndimakalipa ngati wandibera mbuzi. Sekani ndithu, koma yambani mwawerenga izi. Manja ayamba kunjenjemera, maso nawo akuchita chifunga, choncho ndati ndilembe msanga zomwe ndinaona pa ntchito yanga yotsuka zilonda, kuti mukadzandiika m'manda musadzati bambo wathu Aroni Sakala anali waukali wopanda chifukwa. Za ubwana wanga sindilemba. Munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo anathirako ndi mchere womwe.

Nkhondo ya Ajeremani isanayambe

Ntchito ndinayiyamba pa kachipatala ka mishoni kumbali ya Sinda, ndili mnyamata wosakwatira. Kanali kanyumba ka zidina kofolera ndi udzu, chipinda china cha amuna, china cha akazi, ndi kachipinda kapakati komwe munali tebulo ndi kabati yokhala ndi loko. Bwana wanga anali dotolo wachizungu amene anthu anamutcha Chipewa, chifukwa chipewa chake sankachivula ngakhale pochita opaleshoni. Anali munthu wa mtima wapachala. Ukagwira chilonda usanasambe m'manja, ankakumenya pa dzanja pomwepo odwala akuona, kenaka n'kukufotokozera bwinobwino chifukwa chake. Ndinadana naye chaka choyamba, ndipo pambuyo pake ndinayamba kumenya anzanga pa manja chimodzimodzi. Panalinso amayi Estere, mayi wamasiye wosalankhula zambiri, amene ankasamala akazi ndiponso kudonthezera odwala mankhwala ogonetsa pa kansalu dotolo akamadula. Ine ntchito yanga inali kuwiritsa nsalu, kutsuka zilonda, kugwira miyendo ndi kutaya zonyansa. Patapita zaka, dotolo anayamba kundipatsa mpeni kuti ndichotse chala chakufa chakuphazi iye ataima pambali, kapena kundisiyira kusoka iye akamaliza kucheka fupa.

Anthu amaganiza kuti pachipatala chotere tinkalimbana kwambiri ndi olumidwa ndi mikango. Ayi, mkango wathu unali moto. Chisanu chikafika, mphepo ikamatsika m'mapiri, anthu ankagona atazungulira moto m'nyumba, opanda bulangete, ndipo m'mawa tinkangoyang'ana kunjira kudikira obwera nawo. Makanda okwawa, ana ogudubuzika ali m'tulo, nkhalamba zimene mapazi awo sankamvanso kutentha, amuna oledzera. Kumudzi ankapaka chilonda chilichonse chomwe apeza, ndowe, phulusa, masamba otafuna, kenaka n'kumanga dzanja lonse pamodzi ngati nkhonya, zolimba. Likapola, zala zinkamatana kukhala chibuma chimodzi. Likapanda kupola, linkavunda m'kati mwa nsanzazo anthu osaona. Dotolo anandiphunzitsa kumanga chala chilichonse pachokha, ndipo anandiuza mawu amene sindinawaiwale: chovunda chimakwera. Ukachipeza pa chala, chotsa chala. Ukachitira chisoni chala, mawa udzachotsa dzanja.

Amene anandipsetsa mtima koyamba anali mayi wina wochokera kufupi ndi phiri la Mphangwe. Anali ndi khunyu, ndipo linamugwira akuphika masana, mwendo n'kugwera pamoto. Pabwalo panali anthu. Mwamuna wake analipo, alongo ake analipo, koma onse anangoima patali kudikira kuti asiye kuphupha, chifukwa amati ukakhudza thovu la munthu wa khunyu nawenso udwala. Anabwera naye phazi litapsa mpaka fupa. Ndinafunsa mwamunayo kuti, “Inu bambo, munali kuti?” Iye anati, “Ndinali pompo. Nanga ndikanatani? Mukufuna m'nyumba mukhale akugwa awiri?” Ndinati, “Ngakhale mtengo simukanatenga n'kukankha mwendowo? Mbatata yomwe mumaivuula ndi kamtengo!”  Mwendowo tinaudula m'munsi mwa bondo, ine nditaugwira. Thovu la anthu a khunyu ndalipukuta ndi manja angawa zaka zonse za ntchito yanga, ndipo mpaka lero sindinagwepo.

Zaka za nkhondo

Nkhondo itavuta kumpoto, Boma linatenga dotolo wathu kuti akachiritse asilikali. Linatenganso amuna m'midzi kuti akakhale amtengatenga, kusenza katundu wa nkhondo pamutu ulendo wa miyezi. Amesenjala a Boma ankabwera ndi chingwe, ndipo mudzi ukatsala ndi mwamuna wamphamvu, ndiye kuti anabisala kumunda. Pachipatala tinatsala ine ndi amayi Estere. Mabandeji anatha, tinayamba kung'amba nsalu zakale za kwaya, zitatha tinkawiritsa nyanda, nsalu ya makungwa a mtengo. Sopo anasowa. Chomwe chinatsala chinali m'kabati: mabotolo a mankhwala ogonetsa, mipeni, kasowo kochekera mafupa ndi ulusi wosokera. Kiyi wake dotolo anasiyira Bwana M'busa, mzungu woyang'anira mishoni, pamodzi ndi lamulo loti munthu wakuda asagwire mpeni dotolo palibe. Wofunika kudulidwa azinyamulidwa pa machila kupita ku chipatala cha ku Boma. Lamulo labwino pomvera, koma onyamula machilawo ndi omwewo anali atapita ku nkhondo.

Bwana M'busa sanali munthu woipa, ndipo ndicho chimandiwawa. Munthu woipa umadziwa pomugwira. Uyu ankapempherera odwala ndi misozi, Chinyanja ankachidziwa mpaka miyambi, koma magazi ankawaopa, ndipo Boma ankaliopa koposa magazi. Ukamupempha kanthu ankakugwira paphewa n'kunena kuti tione mawa.

Chisanu cha chaka chachitatu cha nkhondo

M'mawa wina kunabwera anthu atatu ndi mwana wamkazi wa zaka ngati zisanu ndi ziwiri, kuchokera kumudzi wina wa kumbali ya mtsinje wa Katete. Mwanayo dzina lake anali Tionenji. Amayi ake, a Nabanda, anali woumba mbiya. Bambo ake, a Gwaza, nkhondo inawasiya chifukwa anali otsimphina. Wachitatu anali mayi wachikulire, a Nangozo, mkulu wawo wa agogo a mwanayo, amene ankayankhula m'malo mwa onse.

Nkhani yake inali yotere. A Nabanda ankawotcha mbiya zawo kudambo, ndipo Tionenji anaikamo kamphika kake komwe anaumba yekha. Moto utazilala, pamwamba pakuoneka phulusa loyera, mwanayo anathamanga kukatenga kamphikako, anapunthwa, n'kugwera dzanja lamanja m'makala a pansi. Anamumanga monga mwa masiku onse, nkhonya, ndi luzi pamwamba, n'kukhala naye kumudzi mpaka fungo litayamba.

Ndinaviika dzanjalo m'madzi ofunda n'kumasula pang'onopang'ono. Mwanayo sanalire, anangoluma mlomo n'kumandiyang'ana. Chikhatho chinali ndi chilonda chachikulu koma chofiira, chamoyo. Chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira zinali zotupa, koma nditazitsina anakuwa, ndipo ine ndinakondwera. Kachala kakang'ono ndi chinzake choyandikana nacho zinali zakuda bii, zozizira. Ndinazibaya ndi singano, iye osamva kanthu.

Ndinati, “Amayi, bambo, mwafika nthawi yabwino. Zala ziwirizi zafa. Tikazichotsa lero, zitatuzi zitsala, ndipo mwanayu adzagwira khasu, adzaumba ngati amake. Sipafunika ngakhale kumugonetsa, chifukwa pomwe ndidule pafa kale. Lumo ndili nalo.”

A Gwaza anayang'ana a Nabanda, a Nabanda anayang'ana a Nangozo. A Nangozo anakonza nsalu yawo nati, “Mwayankhula bwino, a Sakala, koma mwana uyu ali ndi mwini wake. Mwini mbumba ndi a Kamzati, amalume ake. Chiwalo cha munthu sichichoka iwo osadziwa. Akadzabwera n'kupeza mwana wopunguka, tidzati chiyani?”

“A Kamzatiwo ali kuti?”

“Anawatenga amesenjala. Amati ali ku Boma, akudikira katundu.”

Ndinatembenukira kwa bambo a mwanayo. “A Gwaza, mwanayu si wanu kodi? Nenani mawu amodzi okha.” Munthu wamkulu uja anayankha motsitsa, ngati akupepesa. “Ine ndine mkamwini, achimwene. Kubala ndinabala, koma ndikavomera ine, mwanayu n'kufa, mlandu wake ndiuthawira kuti? Andipirikitsa pamudzi ngakhale mphasa osanditengetsa.”

Mwambo umenewu ndimaudziwa, ndinakuliramo, ndipo inu nomwe mukudziwa kuti maukwati anu anakamba ndi amalume anu, osati ine. Siwoipa pa ukwati kapena pa maliro, chifukwa zimenezo zimatha kudikira. Koma tsiku limenelo ndinaona anthu atatu akuluakulu, onse okonda mwanayo, aliyense akuopa kukhala woyamba kutsegula pakamwa. Ndinakalipa. Ndinati zengerezu analinda kwawukwawu, ndinati amene anaika mwambowo sanaone chala chovunda, ndinanena ndi zina zomwe sindingalembe muno. Pomaliza tinagwirizana kuti a Gwaza apite ku Boma akafunse a Kamzati, ndipo ananyamuka nthawi yomweyo ndi mwendo wawo wotsimphinawo.

Ine ndinathamangira kwa Bwana M'busa, poganiza kuti mzungu akayankhula a Nangozo afewa. Ndinamupeza akuthirira mitengo yake ya malalanje. Anamvetsera zonse, kenaka anati, “Aroni, sitingathyole mwambo wa anthu, atithawa. Komanso lumo ndi mpeni n'chimodzimodzi, lamulo ukulidziwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.” Mwambi wa makolo anga, kundiponyera ine, mwana akuvunda! Ndinabwerera nditakwiya, ndipo nditafika ndinapeza mphasa yokha. A Nangozo anali atauza amake kuti abereke mwana, ati maso a Sakala aja akuoneka kuti adula tikangotembenuka. Apo sananame.

A Gwaza anadzera pachipatala pobwerera, mapazi atang'ambika. Anati anapeza gulu la a Kamzati litanyamuka kale kupita kumpoto. Anapeza gulu lina lomwe linali pafupi kutsatira njira yomweyo, ndipo anagwada kwa munthu wina wa kwawo amene anali m'gululo, dzina lake Chikuse, kuti akakumana ndi a Kamzati akawauze za zala ziwiri, ndipo yankho alitumize ndi aliyense wobwerera. Ndinawafunsa kuti, “Ndiye mudikira?” Anati, “Akuluakulu ati tidikire.” Ndinawapatsa mankhwala otsukira ndi nyanda yowiritsa, n'kuwauza kuti akaona kuda kwadutsa pa zala abwere akuthamanga. Ndinapitako ndekha kumudziko kamodzi, koma anandibisira mwanayo, ndipo a Nangozo anandipatsa mpando ndi chikho cha thobwa mwaulemu wonse, n'kundiuza kuti wapita kwa asing'anga.

Sipanapite nthawi yaitali, tsiku lina dzuwa litakwera, ndinaona a Nabanda akubwera okha, mwana ali kumsana, miyendo ikulendewera. Fungo linafika iwo asanafike. Anamutsitsa pakhonde. Thupi linali lotentha ngati mbiya yochoka pamoto, maso atalowa, akubwebweta za kamphika kake. Nditamasula, dzanja lonse linali lakuda mpaka podutsa mfundo, ndipo pamwamba pake mkono unali utatupa, mizere yofiira ikulunjika kuchigongono. Zala zitatu zija, zomwe anakuwa nditazitsina, zinali zitapita.

A Nabanda anati, “Ndathawa naye. Anthu ali kumunda. A Sakala, dulani.”

Ndinati, “Amayi, tsopano si zala. Ndi mkono, apa.” Ndinawalozera m'munsi mwa chigongono. “Ndipo mwina afera pa tebulo. Nanga a Kamzati?”

Anandiyang'ana ndi maso ouma. “A Kamzati ndi mlongo wanga, ndimawalemekeza. Koma pomubala mwanayu sanamve kupweteka ndi iwo. Mlandu ukhale wanga.”

Loko wa abale anali atatseguka, kunatsala wa kabati. Ndinapita kwa Bwana M'busa, ndipo ulendo uno anabwera yekha kudzaona. Atangoona dzanjalo anatuluka panja kukagwira mzati. Anati, “Apite ku Boma pa machila.” Ndinati, “Bwana, onyamula ndi ndani? Ine ndi amayi Estere? Ndipo ngakhale atapezeka, mwanayu safika. Mundipatse kiyi, kapena mutumize anthu akakumbe manda.” Anati, “Iwe sindiwe dotolo. Akafera m'manja mwako, Boma litseka chipatala chino, ndipo anthu onse a dziko lino adzati amishoni amapha ana. Ukuganiza za mmodzi, ine ndikuganiza za onse.” Mawuwo sanali opusa, ndipo ndinawamva. Ndinadziwanso kuti mkono sindinadulepo ndekha chiyambire, ndinkangoona ndi kusoka. Ntchito yanga, dzina langa, mwina ndi ndende, zonse zinali pamenepo, ndipo amayi anu anali ndi pakati pa iwe Yosefe. Ndinati, “Onsewo sindikuwaona, Bwana. Ndikuona uyu.” Anati tipemphere kaye, tione mawa.

Sindinabe kiyi, ndipo sindinachite mobisa. Ndinapita kukhitchini, ndinatenga nkhwangwa yowazira nkhuni, ndinalowa m'kachipinda kapakati masana dzuwa likuswa mtengo, n'kumenya loko uja iye akuona. Anangoti, “Aroni, ukudziwa chimene wachita?” Ndinati ndikudziwa. Ndinatembenukira kwa amayi Estere, chifukwa popanda iwo sindikanatha, ndipo sindikanawakakamiza. Iwo anali atayamba kale kupinda kansalu kawo. Anangoti, “Wiritsani zitsulo, mwana akutha.”

Za pa tebulo sindifotokoza zonse. Ndinamanga chingwe pamwamba pa chigongono monga ankachitira dotolo. Amayi Estere anadontheza mankhwala pang'onopang'ono, chala chawo chili pakhosi pa mwana. A Nabanda anakana kutuluka, anagwira mapazi a mwana wawo n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Ndinatenga mpeni n'kuyamba kudula. Mkono wa mwana ndi waung'ono, ana anga, kasowo sikachedwa. Ndinamanga mitsempha, ndinasoka, ndinamasula chingwe ndikupuma ngati ndathamanga, ndipo magazi sanatuluke. Nditatuluka panja ndinapeza Bwana M'busa atagwada pakhonde akupemphera, ndipo ndinangomudutsa, chifukwa ndikanatsegula pakamwa ndikanachimwa. Dzanja lija tinalikulunga m'nyanda, a Gwaza atafika madzulo analitenga kukalikwirira kumanda a kwawo kwa mwanayo.

Dzinja lotsatira

Tionenji anakhala moyo. Kutentha kunatsika pang'onopang'ono, anayamba kumwa phala, ndipo tsiku lina anandifunsa ngati dzanja lidzamerenso ngati mchira wa buluzi. Ndinamuuza zoona. Kumudzi kwawo nkhani inavuta. A Nangozo anabwera kudzaima pabwalo la chipatala n'kunena mokweza kuti a Nabanda agulitsa dzanja la mwana kwa azungu, ndipo Sakala ndiye wodula nyama. Anthu omwewo amene anamusunga mwanayo mpaka kuvunda ndiwo anali oyamba kulira kuti wapunguka! A Nabanda sanathe kubwerera kumudzi. Anamanga kanyumba kumbuyo kwa chipatala, n'kumalima m'munda wa mishoni, a Gwaza n'kuwatsatira.

Dotolo Chipewa anabwera pa tchuthi mvula itayamba, atawonda, akudwala malungo. Anamasula chitsa cha mkono uja, anachiyang'ana, nati, “Khungu unasiya lochepa, n'chifukwa chake chikuchedwa kupola. Ndinakuuza kangati kuti uzisiya lokwanira?” Ananena zoona, ndipo china sananene. Azungu a mishoni atachita msonkhano wokamba za loko uja, sanandiitane. Anangondiuza pambuyo pake kuti ku Boma sakanena, koma munthu wothyola loko sangakhale pafupi ndi kabati, chifukwa ena angatengere. Ananditumiza ku kasukulu kakutali kumbali ya Vubwi, kufupi ndi malire a Apwitikizi, kuti ndizikatsuka zilonda pansi pa mtengo ndi ndowa imodzi ndi botolo la mankhwala ofiira. Kumeneko ndinakhala zaka zambiri, ndipo ena a inu munabadwira komweko. Ndinaonako manja opsa osawerengeka, mpeni ndilibe, ndipo ntchito yanga yaikulu inali kuyenda m'midzi kukalipira amayi kuti azimanga chala chilichonse pachokha ndi kuti aziika mitengo mozungulira moto ana akamagona. Bwana M'busa anakhalabe pa mpando wake mpaka anakalamba, ndipo potsanzikana nane anandigwira paphewa n'kunena kuti wandikhululukira. Ine sindinamupemphe.

Ndisananyamuke ulendo wa ku Vubwi, tsiku lina ndikumanga katundu pakhonde, kunabwera munthu wowonda ngati bango, atavala chiguduli, akuyenda ndi ndodo. Ndinaganiza kuti ndi wodwala, ndinamulozera pokhala. Anati, “Ayi, sindinabwere kudzachiritsidwa. Ndine Chikuse. Kumudzi andiuza kuti a Gwaza ali kuno. Ndili ndi mawu awo, ndiponso a wodula zala.” Ndinatuma mayi wina kukaitana a Gwaza ndi a Nabanda kumunda, ndipo anabwera ndi makasu m'manja n'kukhala pansi.

Chikuse anawomba m'manja monga achitira wopereka uthenga, nati, “A Kamzati ndinawapeza kutali, pa msasa wina, atagona ndi kamwazi. Sanadzukenso, tinawaika komweko.” A Nabanda anagwira pakamwa. Iye anapitiriza. “Koma mawu anu ndinawauza ali moyo, ndipo anandilumbiritsa kuti ndidzafikitse yankho ndekha. Ndayenda nalo njira yonseyi, sindinalipatse munthu. Anakwiya kwambiri. Anati, ‘Anthu amenewa apenga? Zoterezi n'zofunsa munthu ali kuno? Kawauze adule zala ziwirizo msanga, lero lomwe, dzanja lisawonongeke. Mwana ameneyo adzakhala woumba.’ Ndiwo mawu awo. Ndatula.”

 Chikuse anatiyang'ana mmodzimmodzi, akumwetulira pang'ono ngati munthu amene wamaliza ntchito yake bwino, nati, “Nanga mwanayo ali kuti? Ndimuone.”

Tionenji anali akuchokera kuchitsime, kamtsuko kali pamutu, atakagwira ndi dzanja lamanzere. Amake anamuitana. Anafika, anatula kamtsuko, anagwada kuti apereke moni kwa mlendo monga anaphunzitsidwira, n'kukweza dzanja limodzi lija kuti awombe, ndipo linasowa pomenya. Chikuse anayang'ana chitsacho nthawi yaitali, kenaka anafunsa motsitsa kuti, “Kodi sanati zala ziwiri?”

Ndinati, “Zinali ziwiri, bambo, tsiku limene anakutumani.”